Tsiku Limodzi pa Phiri la Nyika: Ulendo wa Pagalimoto wa Anthu a ku Kopala

(Nyimbo yotsegulira. Ikwere, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Inu a ku Chimwemwe, Wusakile, Chamboli ndi Buchi muno mu Kitwe, inu a ku Chifubu, Kabushi, Lubuto ndi Masala ku Ndola, takulandirani ku pulogalamu yathu yophunzitsana za dziko lathu ndi maiko oyandikana nafe. Lero tikwera galimoto. Khalani bwino pampando, chifukwa msewu wake ndi wokwera.

Mwana wobadwira kuno ku Kopala mukamuuza kuti akulozereni phiri, chala chake chipita ku Black Mountain, pafupi ndi Wusakile. Sitingamuseke. Dera lathu ndi lathyathyathya. Zotumphuka zimene maso athu anazolowera ndi zulu zikuluzikulu za chiswe m'mbali mwa msewu wa Ndola, ndi mulu wakuda uja, umene ndi zotsalira za miyala yosungunulidwa ku Nkana kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Phiri limenelo analiunjika ndi anthu. Lero ndikufuna tikaone phiri lobadwa nalo dziko, limene galimoto imatha kukwera mpaka pamwamba, n'kuyenda pamenepo tsiku lonse osatsika. Dzina lake ndi Nyika.

Nyika ili m'malire a Zambia ndi Malawi, kumpoto. Mbali yaikulu ili ku Malawi, ndipo ndi paki yaikulu kuposa ina iliyonse m'dzikolo, malo opitirira masikweya kilomita 3,000. Anaikhazikitsa mu 1965, n'kuikulitsa mu 1978. Ife a Zambia tili ndi kachigawo kathu kumadzulo kwake, masikweya kilomita 80 okha, ndipo nakonso ndi paki ya boma. Ambiri a ife sitidziwa n'komwe kuti tili ndi malo otere. Komabe mukafufuza m'mabanja a muno m'migodi, mupeza kuti agogo ambiri anachokera m'munsi mwa phiri lomweli ndi m'madera ozungulira: ku Rumphi, ku Mzimba, ku Lundazi, ku Chama. Anabwera kudzagwira ntchito ku Nkana, ku Mufulira, ku Luanshya. Choncho kwa ena a inu, ulendo walerowu ndi wopita kumudzi.

(Nyimbo mwachidule)

Tiyambe ndi kafikidwe. Ndinene poyera kuti kuchoka ku Kitwe kukafika m'munsi mwa Nyika si ulendo wa tsiku limodzi. Patulani masiku awiri kapena atatu a pamsewu. Njira yodziwika ndi yodzera ku Kapiri Mposhi, Lusaka, kenako Great East Road mpaka ku Chipata, n'kulowa m'Malawi pa Mwami. Mukatero mulunjika kumpoto kudzera ku Kasungu ndi Mzuzu mpaka ku Rumphi. Ena amapatukira ku Lundazi n'kudutsa malire pa Lusuntha. Enanso amatenga Great North Road kudzera ku Serenje, Mpika ndi Isoka, n'kulowera cha ku Chitipa. Nanga bwanji tikulowa m'dziko la eni pomwe tili ndi paki yathu? Chifukwa msewu wokwera pamwamba pa phirili umayambira ku Malawi n'kukathera ku Malawi. Mzambia wofuna kuona Nyika ya ku Zambia pagalimoto ayenera kudinditsa pasipoti.

Ndiye mapepala akhale m'manja: pasipoti ya aliyense, ana omwe; laisensi ya woyendetsa; buku la galimoto; kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba; ndi inshuwalansi yogwira ntchito kunja, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti yelo khadi ya COMESA. Pamalire adzakupatsani chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi. Chosangalatsa n'chakuti ku Malawi amayendanso kumanzere, ndiye dzanja silisokonezeka.

Galimoto yake ikhale yotalikira pansi. M'chilimwe pikapu yabwinobwino imakwera. M'dzinja, mvula ikakhathamiritsa dothi, pamafunika yokoka ndi matayala onse anayi. Kagalimoto kotsika kaja kamene timanyadira nako pamsewu wa Kitwe ndi Ndola kasiyeni kunyumba, kangakasiye mimba pamwala. Onani mabuleki musananyamuke, onani madzi a mu injini, ndipo sipeya ikhale ndi mpweya, osati yongokongoletsa kumbuyo. Jeke, sipanala, chingwe chokokera ndi khasu zikhalemo. Mafuta thirani odzaza ku Mzuzu kapena ku Rumphi, ndipo musadalire kuti mukawapeza pamwamba. Pomaliza, juzi ndi bulangete. Mukamalongedza muli thukuta kamukamu kuno mudzaona ngati n'zopanda pake, koma mudzandikumbukira.

(Phokoso la injini ikulira, kenako litsike)

Tsopano tsiku lathu layamba. Nthawi ndi 6 koloko m'mawa, tikutuluka m'tauni ya Rumphi kulowera kumadzulo. Tidutsa pa Bolero, likulu la mfumu yaikulu ya Atumbuka, Chikulamayembe, kumene chaka ndi chaka kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya. Minda ya fodya ndi chimanga ili mbali zonse, ana a sukulu akutiimikira manja. Titayenda makilomita pafupifupi 55 tifika pa chipata cha Thazima. Apa mulipira, mulembetsa galimoto, ndipo funsani alonda a zanyama za mmene msewu ulili kutsogolo. Iwo ndiwo amadziwa pamene madzi akokolola ndi pamene njovu zaonekera dzulo. Ngati mwaona uchi ukugulitsidwa m'midzi ya kufupi ndi chipata, gulani. Anthu a m'derali amaloledwa kupachika ming'oma ya njuchi m'mbali mwa paki, ndipo botolo limene mwagula ndi phindu limene paki yabweretsa pakhomo pa munthu.

Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda, pakati pa phirili, ndi makilomita ena pafupifupi 60. Musawerengere mtunda umenewu ndi liwiro la pa tala. Msewu ndi wafumbi, wokhotakhota, ndipo pena ndi wamiyala. Patulani maola awiri kapena kuposerapo.

Gawo loyamba la m'pakimu lidzakudabwitsani chifukwa simudzaona chachilendo. Mitengo yake ndi miombo, yomwe ija ya kwathu kuno, imene masamba ake anthete amafiira mu Seputembala mvula isanagwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno yaima yonse, ikuluikulu, nthambi zikukumana pamwamba pa msewu. Imani pang'ono, muwauze ana kuti: umu ndi mmene munalili pakati pa Kitwe ndi Kalulushi, pakati pa Ndola ndi Luanshya, migodi isanafune nkhuni ndi mizati, ndiponso matumba a makala asanayambe kundanda pa njinga m'mawa uliwonse. M'nkhalango imeneyi ndi mmene mungakumane ndi njovu. Mu 2017 anabweretsa njovu 34 kuchokera ku Liwonde kuti zichulukitse zimene zinalipo. Mukazipeza pamsewu, imani patali, zimitsani wailesi, musalize hutala, ndipo zisiyireni njira.

Msewu ukayamba kukwera zenizeni, mverani galimoto yanu. Mudzaona kuti ikuchita ulesi, mukuponda mafuta koma sikuthamanga monga mwa masiku onse. Sinawonongeke ayi. Kumwamba mpweya ndi wochepa, ndipo injini, makamaka yopanda tebo, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Kitwe ndi Ndola zili pa mamita pafupifupi 1,200 mpaka 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamwamba pa Nyika ndi mamita opitirira 2,000, ndipo nsonga yake yaitali, Nganda, imapitirira 2,600. Ndiye tsitsani giya, ikani thuu, pena wani, injini izilira momasuka. Diso limodzi likhale pa kamuvi ka kutentha. Kakakwera, imani pamalo abwino, dikirani, ndipo musatsegule chivundikiro cha radiyeta injini ili yotentha.

(Nyimbo)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili pa ulendo wa pagalimoto wokwera phiri la Nyika, m'malire a Zambia ndi Malawi.

Pali malo amene mitengo imayamba kufupika, n'kutalikirana, kenako n'kutheratu. Mukangotuluka pa kona ina, dziko limatseguka. Kutsogolo, kumanja, kumanzere, ndi zitunda zaudzu zokhazokha, zosalala, zondondozana ngati mitanda ya nsima m'mbale yaikulu, mpaka kumene maso alekezera. Palibe nyumba, palibe munda, palibe waya wa magetsi. Apa zimitsani injini, tulukani. Chinthu choyamba kukulandirani ndi mphepo, ndipo juzi ija muifuna pompo. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Mu Juni ndi Julaye, m'mawa udzu umayera ndi chisanu, ndipo madzi osiyidwa panja usiku amatha kuundana pamwamba.

M'chigawo chino msewu womwewu ndiwo malire. Polowera kumpoto, dzanja lamanzere ndi Zambia, lamanja ndi Malawi. Palibe mpanda, palibe wapolisi. Amene wakhala pampando wakumanzere akatsika kukawongola miyendo, wabwerera kwawo osadinditsa. Kumanzereko kuli nkhalango yowirira ya Chowo, ya mitengo italiitali yosayoyola masamba, ndi nyumba yakale yogona alendo imene imadziwika kuti Zambian Rest House. Kukakhala kopanda nkhungu, kuchokera m'mphepete mwa phirili mumaona dziko la Zambia litayalidwa pansi, kutali. Nyama sizidziwa malire amenewa, ngakhalenso moto ndi opha nyama mozemba. N'chifukwa chake mu Julaye 2015 atsogoleri a maiko awiriwa, a Edgar Lungu ndi a Peter Mutharika, anasaina pangano loti malo osungirako zachilengedwe a m'malirewa aziyang'aniridwa mogwirizana. Ndipo mu 2023 boma la Malawi linagwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetsere limodzi Nyika ndi Vwaza Marsh kwa zaka 20.

Mwana wanzeru m'galimotomo afunsa: mitengo yapita kuti? Kodi anadula? Yankho ndi lakuti ayi. Akatswiri anakumba m'madambo a pamwambapa n'kuyeza mungu wa zomera umene unakwiririka kalekale, ndipo anapeza kuti udzu wakhala ukulamulira pano kwa zaka zikwizikwi. Chisanu chimapha timitengo tanthete, moto wa chaka ndi chaka umamaliza totsala. Mitengo imapulumukira m'makwawa ndi m'zigwa momwe muli chinyezi, n'chifukwa chake mudzaona timagulu ta nkhalango yobiriwira kwambiri tobisala pakati pa zitunda. Oyang'anira paki amatentha dala zigawo zina msanga, udzu usanaumitsitse, kuti moto wolusa wa mu Okutobala ukadzabwera upeze pothera. Pa lupsa pamamera msipu, ndipo pa msipu ndi pamene mudzapeza nyama.

Udzu umenewu uli ndi ntchito ina yosaoneka ndi maso. Mvula ikagwa, dothi ndi madambo a pamwambapa zimamwa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje monga North Rukuru, North Rumphi ndi Runyina imayambira pano, n'kukathirira minda ndi kumwetsa anthu m'munsi, isanakathire m'nyanja ya Malawi. Ife amene timamwa Kafue ndi Kafubu tikudziwa mmene mtima umachitira mpopi ukauma. Phiri ili likanakhala lodzaza minda ndi nkhwangwa, anthu a ku Rumphi ndi Karonga akanalira.

(Nyimbo mwachidule)

Tsopano yendetsani pang'onopang'ono, chifukwa akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ubwino wa Nyika ndi woti palibe tchire lobisa nyama. Mudzaona mbidzi zitaima pa chitunda, nyama yomwe ija ili pa chizindikiro cha dziko lathu pafupi ndi nsanja ya mgodi ndi chimanga. Mudzaona ntchefu, zikuluzikulu kuposa agwape onse, zikuyenda m'magulu. Mphoyo zimakonda m'madambo, mbawala m'mphepete mwa nkhalango, ndipo njiri zimathawa mchira uli njoo. Akambuku aliponso ambiri, koma amayenda madzulo ndi usiku, ndiye kuwaona ndi mwayi.

Koma nyama imene ndikufuna munthu wa ku Kopala aiyang'anitsitse ndi chilembwe. Ikaima pafupi ndi msewu, zimitsani injini. Ndi yaikulu, msinkhu wofika pa phewa la munthu, ubweya wofiirira motuwa. Nkhope yake ndi yakuda, yokhala ndi zoyera kuzungulira maso ndi pakamwa. Makutu ndi aatali kwambiri, osongoka, okhala ndi timanyenje kunsonga, ndipo nyanga zake zamizeremizere zimapindikira kumbuyo. Sithawa msanga. Imakuyang'anani, n'kupukusa khutu limodzi, n'kufwenthera, kenako n'kubwerera ku msipu wake.

Nyama imeneyi ndiyo ili pa chiyambi cha Luanshya. Mbiri imati mu 1902 mzungu wina wofufuza miyala, William Collier, anawombera chilembwe m'mphepete mwa mtsinje wa Luanshya, ndipo pamene chinagwera anaona mwala wa kopa. Mgodi umene unatsegulidwa pambuyo pake anautcha Roan Antelope, dzina la nyamayi m'Chingelezi. Mpaka lero kuli komboni ya Roan, kuli timu ya mpira ya Roan United. Koma ndi ana angati a ku Luanshya amene anaionapo nyamayi ikudya udzu kutchire? Kopa tinamupeza, chilembwe chinachoka. Pa Nyika mudzaziona m'magulu, ndi ana ake omwe.

Cha m'ma 11 koloko tipatukira kumanja, kulowera ku Chelinda. Tisanafike tiima pa nyanja yaing'ono ya Kaulime, imene ndi yokhayo yachilengedwe pamwamba pa phirili. Kwa anthu a kuno ndi malo aulemu. Makolo ankakhulupirira kuti m'madzimo mumakhala njoka yaikulu ya mizimu, ndipo ankabwera kudzapereka nsembe. Musasambemo, musaponyemo miyala kapena mabotolo. Apa ndi poyenera kukumbukira kuti phiri ili silinali lopanda anthu. M'zigwa zake muli zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo pa thanthwe la Fingira pali phanga lokhala ndi zojambula za anthu akale. Pamene paki inakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi yawo, kusiya minda ndi manda a makolo. Zidzukulu zawo ndi zimene mwaziona m'midzi ya kunja kwa chipata. Kukongola kumene tikusangalala nakoku ena anakulipirira, ndiye polankhula nawo tizilankhula mwaulemu.

Chelinda mudzaizindikira patali ndi nkhalango ya mitengo ya paini. Si yachilengedwe. Anaibzala m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, poyesa ngati pangakhale bizinesi ya matabwa ndi mapepala, koma kutalika kwa msewu kunagwetsa maganizowo. Pali malo ogona, malo omanga matenti, ndi madamu atatu ang'onoang'ono. Apa ndi podyera nkhomaliro. Amayi amene mwanyamula mbaula, dziwani kuti pamwamba pano madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 92 m'malo mwa 100. Tiyi apsa, koma nyemba zouma zikuchedwetsani. Phikiranitu kunyumba.

Masana, ngati nthawi ilipo, yendani kumpoto mpaka ku thanthwe la Jalawe. Galimoto mumaisiya pansi n'kukwera pang'ono wapansi. Pamenepo phiri limaduka mwadzidzidzi, chigwa chili pansi penipeni, mapiri ena ali kutsidya, ndipo kukayera bwino mumaona nyanja ya Malawi ikunyezimira. Miyezi yabwino kuona patali ndi Epulo ndi Meyi, mvula itangotha. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto umaphimba.

(Nyimbo)

Omvera, gawo lotsatirali likukhudza m'mbale mwathu.

Mukapita ku Nyika mu Januwale kapena Febuluwale, msewu udzakuvutitsani, koma mudzaona chimene anthu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzaona. Udzu wonse umadzaza maluwa. Mbalame zilipo mitundu yopitirira 400, kuphatikizapo namzeze wabuluu wa mchira wautali, amene amaswera pano nthawi ya mvula n'kuuluka kupita cha ku nyanja ya Victoria kukazizira. Koma chuma chenicheni chili m'munsi mwa bondo. Gwadani m'mphepete mwa dambo. Mudzaona kachomera ka tsinde limodzi lowongoka, masamba ochepa okumbatira tsindelo, ndipo kumutu kwake timaluwa tothithikana, tina tofiira, tina tapinki, tina toyera, kalikonse kokhala ndi kachipewa ndi kamchira kumbuyo. Azungu amati ma orchid, ndipo pa Nyika pali mitundu yopitirira 200. Ina sipezeka kwina kulikonse.

Chomera chimenechi inu mumachidziwa, kungoti mumachidziwira kumizu. Pansi pake pali kachinthu kozungulira, kochepera kambatata kakang'ono. Kameneko ndi chikanda. Ku Malawi amati chinaka kapena chikande. Inde, chikanda chomwe chija timagula pa Chisokone ndi pa Masala, chodulidwa bwino, chofiirira, cha tsabola pang'ono. Amayi amatsuka timizuto, kutiyanika, kutisinja, n'kuphika pamodzi ndi nsinjiro ndi soda kapena chidulo mpaka chilimbe. Kale chinali chakudya cha kumudzi, makamaka kumpoto kwa dziko lino, chokumbidwa pang'ono m'dambo la pafupi. Lero chili pa siteshoni ya basi iliyonse, pa ukwati, m'mahotela ndi m'masitolo akuluakulu.

Vuto lili apa. Chikanda sichilimidwa. Chonse chimene timadya chimakumbidwa kutchire, ndipo ukazula muzu wapha chomera. Madambo ambiri a kwathu atayamba kuperewera, amalonda anayamba kuoloka malire: ku Tanzania, ku Congo, ku Angola, ku Malawi. Kafukufuku wa bungwe la Wildlife Conservation Society kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anayerekeza kuti timizu pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka kum'mwera kwa Tanzania kulowa mu Zambia chaka chilichonse. Ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene dziko la Tanzania linakhazikitsira paki ya Kitulo, makamaka pofuna kuteteza maluwa. Pa Nyika napo alonda amalimbana ndi anthu olowa mozemba ndi makasu ndi matumba. Mukayang'ana bwino m'madambo ena mudzaona timaenje tatsopano pamene panayenera kukhala maluwa.

Sindikunena kuti tileke kudya chikanda, ndipo sindikuloza chala mayi wogulitsa pamsika, amene akulipirira ana sukulu ndi beseni lakelo. Wokumbanso nthawi zambiri ndi mayi wamasiye kapena mwana wosowa pogwira. Koma chinthu chodyedwa ndi mizinda yonse sichingadalire khasu la kutchire mpaka kalekale. Nkhani yolimbikitsa ndi yoti ntchito yofuna njira ina inayambira muno mu Kitwe. Kuyambira mu 2016, akatswiri a pa Copperbelt University anagwira ntchito limodzi ndi a Royal Botanic Gardens ku Kew, ku Britain, kufufuza mitundu imene ikugulitsidwa m'misika ndi kuyesa kumeretsa zomerazi kuchokera ku njere. Si ntchito yapafupi. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, zouluka ndi mphepo, ndipo kutchire sizimera popanda thandizo la nkhungu ina ya m'dothi. Koma zikadzatheka kuti mlimi wa ku Mpongwe kapena ku Lufwanyama azilima chikanda m'dimba, msika udzakhuta ndipo phiri lidzapuma. Pakali pano, amene muli ndi achibale okumba m'madambo a kumudzi, akumbutseni nzeru zosavuta izi: kudikira maluwa ayambe agwetsa njere, kusakumba dambo lonse, ndi kulipumitsa chaka china. M'paki monga Nyika, kukumba n'koletsedwa, ndipo wogwidwa amakayankha kukhoti.

(Nyimbo mwachidule)

Dzuwa lapendeka, tiganize zobwerera. Langizo langa ndi loti mugone ku Chelinda, mutsike m'mawa. Koma ngati mwatsimikiza kubwerera ku Rumphi tsiku lomwelo, nyamukani isanakwane 2 koloko masana, chifukwa chipata chimatsekedwa madzulo, ndipo nkhungu ya pa Nyika imagwa mosachenjeza. Ikakupezani, yatsani nyali, chepetsani liwiro, ndipo musapatuke pamsewu kufuna njira yachidule.

Ngozi zambiri za m'mapiri zimachitika potsika. Ife oyendetsa a kuno tinazolowera malo osalala, ndipo ena ali ndi chizolowezi choika galimoto pa fili kuti asunge mafuta. Pa phiri chimenecho ndi kudziitanira maliro. Mukatsika mtunda wautali phazi lili pa buleki, mabuleki amatentha, amayamba kununkha, ndipo pamapeto pake mumaponda koma galimoto osaima. Lamulo ndi ili: giya imene munakwerera ndi imene mutsikire. Injini ndiyo igwire galimoto, buleki muzingoigusa pang'ono n'kuisiya. Mukamva fungo la kupsa, imani, dikirani zizizire, ndipo musathire madzi pa zitsulo zotentha. Pamalo opapatiza, wotsika apatse njira wokwera. Pa kona iliyonse yobisika khalani kumanzere kwanu, chifukwa pamsewu umenewu pamadutsanso malole ndi magalimoto opita ku Nthalire ndi Chitipa.

Zinyalala zanu zonse zitsike nanu. Musathyole duwa, musayatse moto pena paliponse, ndipo chotsalira cha ndudu chisaponyedwe pawindo, chifukwa udzu wouma wa pa Nyika ukagwira moto umapsa zitunda zambirimbiri.

Wina anena kuti zonsezi ndi za anthu a ndalama. Zoona, ulendowu si wotchipa. Koma mabanja awiri kapena atatu akasonkherana mafuta, kunyamula matenti ndi chakudya chawo, zimatheka. Ndipo inu amene mumapita kale kumudzi ku Lundazi, ku Mzimba kapena ku Rumphi pa tchuthi kapena pa zovuta, phirili lili pakhomo penipeni, mumangolidutsa m'munsi. Ulendo ukubwerawu onjezerani tsiku limodzi, mukwere nawo ana.

Ntchito ya kunyumba ya sabata ino ndi iyi. Mukapita kumsika kukagula chikanda, mufunseni mayi wogulitsayo, mwaulemu, kuti timizu take amaoda kuchokera kuti, ndipo mtengo wake wasintha bwanji pa zaka zapitazi. Yankho limene akupatseni mutilembere kapena mutiimbire, tidzawerenge pa pulogalamu ikubwerayi. Aphunzitsi a m'masukulu a Kitwe ndi Ndola, tengani mapu, ana apeze Rumphi, Chitipa ndi malire a maiko awiriwa, ayeze okha mtunda kuchokera kwawo.

Oyendetsa galimoto, mangani lamba, ndipo mowa ndi chiwongolero zisakumane. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)